WOTCHI YOYENERA MKONO WAUNG'ONO

Nkhani ya pa wailesi ya ana a magiledi apamwamba a pulayimale ndi aphunzitsi awo

Mawu kwa aphunzitsi

Nkhani isanayambe, onetsetsani kuti mwana aliyense ali ndi ulusi wotalika masentimita 30, rula, pensulo ndi pepala. Gulu lililonse likhale ndi kampasi yojambulira zinthu zozungulira ndiponso sizasi. Ngati muli ndi wotchi ya pamkono, ivuleni, muiike pa tebulo pamene ana onse angathe kuiona.

Nkhani

 Lero tikamba za kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu mumakasirira mukakaona pa mkono wa munthu wamkulu, ndiko wotchi. Koma sitikamba za wotchi iliyonse ayi. Tikamba za wotchi ya ulemu, ya mtengo wapatali, imene munthu amavala pa ukwati, ku tchalitchi kapena pa tsiku lolandira satifiketi. Funso lathu ndi ili: kodi munthu wa mkono waung'ono angasankhe bwanji wotchi yotere kuti imukhale bwino?

Funso limeneli sindinalitole m'buku. Ndinalipeza ku Mwase Lundazi, dera la Mfumu Yaikulu Mwase m'boma la Lundazi, kufupi ndi malire a dziko la Malawi, kumene ndinapita kukacheza ndi aphunzitsi pa za maphunziro a pa wailesi. Pa sukulu ina kumeneko, ntchito yathu itatha, aphunzitsi atatu ananditengera pansi pa mtengo wa mango, nayamba kulankhula monong'ona. Nkhani yake inali yakuti mphunzitsi wawo wamkulu, mayi amene anaphunzitsa ana zaka zoposa 30, anali pafupi kupuma pa ntchito. Aphunzitsi anasonkha ndalama kwa miyezi ingapo, ndipo makolo nawonso anaponyapo kangachepe, wina atagulitsa mtedza, wina soya, wina nkhuku. Onse anagwirizana zowagulira Amayiwo wotchi yabwino, yoti akaivala azikumbukira sukulu yawo.

Koma panali zovuta ziwiri. Choyamba, Amayi aja ndi ochepa thupi, ndipo mkono wawo ndi wowonda ngati wa mtsikana wa sukulu. Chachiwiri, masitolo a mawotchi otere ali kutali. Kuchokera ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Palibe amene angayende ulendo wotere kawiri chifukwa chokabweza wotchi. Ndalama zimene zinali thukuta la anthu ambiri zinayenera kugula chinthu choyenera pa ulendo umodzi wokha. Zimene ndinawayankha aphunzitsi aja pansi pa mango ndizo ndikuuzeni lero.

Wotchi ndi yachiyani?

Mwina wina wa inu afunsa kuti wotchi ndi yachiyani, popeza makolo athu ankadziwa nthawi popanda iyo. Nzoona. Agogo anu amadziwa kulira kwa tambala woyamba ndi wachiwiri, amadziwa mbandakucha, amadziwanso dzuwa likafika paliwombo ndi pamene lapendeka. Kwa mlimi wopita kumunda, zizindikiro zimenezi nzokwanira. Komatu dzuwa silifika paliwombo nthawi imodzi m'dziko lonse. Dziko lapansi limazungulira madigiri 15 pa ola limodzi, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi 4. Mukayang'ana pa mapu muona kuti Lundazi ali pa madigiri 33 a kum'mawa, pamene Mongu, kumadzulo kwa dziko lathu, ali pa madigiri 23. Kusiyana kwake ndi madigiri 10, ndiko kuti mphindi 40. Mwana wa ku Mwase Lundazi akaona dzuwa lili paliwombo, mnzake wa ku Mongu ayenera kudikira mphindi 40 kuti aone zomwezo, chonsecho onse awiri akumva mawu angawa pa mphindi imodzimodzi. Tikanati mutsegule wailesi dzuwa likakwera, ena akanapeza nkhani itatha kale. Chifukwa chake dziko lonse la Zambia limatsata nthawi imodzi, yoyezedwa pa mzere wa madigiri 30, ndipo wotchi ndiyo imasunga pangano limenelo pa mkono wa munthu.

Masiku ano foni nayonso imanena nthawi. Koma foni siiloledwa m'chipinda cha mayeso, ndipo mphunzitsi amene m'manja mwake muli choko ndi buku sangamapise m'thumba kawirikawiri. Wotchi ikadali ndi ntchito, ndipo ikakhala mphatso imanenanso mawu ena: imauza wolandirayo kuti nthawi imene anatipatsa tinaiona.

Wotchi yaing'ono si yachibwana

Mmodzi wa aphunzitsi aja anali ndi nkhawa. Iye ankaganiza kuti akagula wotchi yaing'ono, makolo adzati ndalama zawo zadyedwa, pakuti anthu ambiri amayesa kuti chinthu chachikulu ndicho chodula. Mbiri ya mawotchi imatsutsa ganizo limeneli.

Kale amuna a ku Ulaya ankasunga mawotchi awo m'thumba, atamangirira ku kaunyolo. Mawotchi oyamba a pamkono anapangidwira akazi, ndipo anali aang'ono. M'chaka cha 1810 mmisiri wotchuka wa ku Paris, Abraham-Louis Breguet, anapemphedwa kupanga wotchi ya pamkono ya Caroline Murat, Mfumukazi ya ku Naples, amene anali mlongo wake wa Napoleon. M'chaka cha 1868 kampani ya Patek Philippe ya ku Geneva inapangira wotchi yotere mayi wina wolemekezeka wa ku Hungary, Countess Koscowicz. Amuna anatsatira pambuyo. M'chaka cha 1904 Louis Cartier anapangira wotchi mnzake Alberto Santos-Dumont, woyendetsa ndege wa ku Brazil, amene sankatha kupisa m'thumba manja ake ali pa ntchito m'mwamba. Kenaka pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 asilikali anaona kuti wotchi ya pamkono ndiyo yothandiza, ndipo nkhondo itatha amuna ambiri anayamba kuivala.

Tsono tamverani kukula kwake kwa mawotchi otchuka a ulemu. Wotchi yotchedwa Calatrava, imene Patek Philippe anatulutsa m'chaka cha 1932 ndipo akatswiri amaiyesa chitsanzo cha wotchi ya ulemu, inali yotambalala mamilimita 31 okha, ndipo ankaivala ndi amuna. Ya Rolex yotchedwa Datejust, ya m'chaka cha 1945, inali ya mamilimita 36. M'chaka cha 1929 amisiri a kampani imene lero imatchedwa Jaeger-LeCoultre anapanga makina a wotchi otchedwa Calibre 101, olemera pafupifupi galamu imodzi yokha, ndipo wotchi ya makina amenewa ndiyo Mfumukazi Elizabeth II anavala pa tsiku lolongedwa ufumu m'chaka cha 1953. M'chaka cha 1957 kampani ya Piaget inapanga makina ochindikala mamilimita 2 okha. Tayang'anani pa rula, muone kuchepa kwake kwa mamilimita 2.

Mukuona tsono kuti amisiri ankapikisana pa kuchepetsa, osati pa kukulitsa. Kuika timagudumu, tizitsulo ndi timiyala tambirimbiri m'kamalo kopapatiza ndiyo ntchito yovuta, monga momwe kuluka kadengu kakang'ono kosalala kumafunira luso loposa kuluka nkhokwe. Mawotchi aakulu, a mamilimita 42, 44 ndi kupitirira, anafala kwambiri cha m'zaka za m'ma 2000. Imeneyo inali fashoni chabe, ndipo fashoni imabwera ndi kupita, koma mkono wa munthu umakhala womwewo.

Kulakwa kwanga

Ndisabise, ine ndemwe ndinagwa m'mbuna imeneyi. Agogo anga aamuna, amene anagwira ntchito ku mgodi wa malasha wa Wankie, kumene lero timati Hwange, anabwera kumudzi ndi kawotchi kachitsulo kopukusa ndi dzanja, ka mamilimita 33. Ndili mnyamata ndinkakaseka mumtima. Nditalandira malipiro anga oyamba, ndinakumana ndi munthu wogulitsa mawotchi m'mbali mwa msewu mu Lusaka, ndipo ndinasankha yaikulu koposa zonse, yonyezimira ngati golide, yolembedwa dzina lotchuka la ku Switzerland. Sindinaiyese bwino, sindinafunse munthu. Mkono wanga ngwowonda, motero wotchi ija inkatsetserekera ku dzanja, inkatembenukira pansi, ndipo dzanja la malaya linkakodwa pamwamba pake. Ndikamalemba pa bolodi inkagunda khoma. Mwezi usanathe, golide uja anayamba kusupuka, nasiya mzere wobiriwira pa khungu langa. Mwezi wachitatu galasi linasweka pa mphuthu ya chitseko. Theka la malipiro anga linathera pomwepo. Kawotchi ka agogo kaja kakuyendabe mpaka lero, ndipo ndi kamene ndavala pano ndikulankhula nanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu musadye phula, yambani mwayeza.

Tiyeni tiyeze mkono

Tengani ulusi wanu tsopano. Tambasulani mkono wamanzere pa desiki, chikhatho chitayang'ana pansi. Papasani pamene dzanja lilumikizana ndi mkono, mbali ya chala chaching'ono, ndipo mupeza kafupa kotumphuka. Wotchi imakhala kuseri kwa kafupa kameneka, cha ku chigongono, osati pamwamba pake. Mnzanu akuzengeni ulusi pamenepo kamodzi kokha, osakoka kwambiri ndiponso osalekerera. Pamene ulusi wakumana, adindepo ndi pensulo. Tsono uwongoleni ulusiwo pa rula, muwerenge masentimita. Nambala imeneyo ndiyo kuzungulira kwa mkono wanu, ilembeni.

Muyeso wachiwiri ndi wofunika koposa, ngakhale ambiri amauiwala. Mkono uli chigonere pa desiki, ikani rula mopingasa pamwamba pake, pamalo pomwe paja, muwerenge mamilimita kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Kumeneko ndiko kutambalala kwa mkono. Anthu awiri akhoza kukhala ndi kuzungulira kofanana, koma wina mkono wake ndi wophwatalala, wina ndi wobulungira. Wophwatalala uli ndi bwalo lalikulu pamwamba, ndipo umalandira wotchi yokulirapo. Wobulungira bwalo lake nlochepa.

Kumbukirani kuti thupi limasintha ndi nyengo. M'mwezi wa Okotobala, dzuwa likamaswa mtengo, mkono umafufuma pang'ono; m'chisanu cha Juni ndi Julayi umaphwa. Motero ndi bwino kuyeza kawiri, m'mawa ndi masana, ndi kusiya kampata.

Pakati pa akuluakulu, mkono wosafika masentimita 16 umawerengedwa waung'ono. Yambiri mwa mikono yanu, ana inu, ndi yocheperapo, koma ikukulabe. Nchifukwa chake wotchi yodula si ya mwana. Phunzirani kuyeza lero, kugula kudzabwera m'tsogolo.

Miyeso inayi ya wotchi

Mkono tayeza, tsopano tiyeze wotchi. Aphunzitsi, inyamuleni ija ili pa tebulo kuti ana aone mbali zimene ndikutchula.

Muyeso woyamba ndi kutambalala kwa thupi la wotchi, kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete kudutsa pakati, osawerengera kachitsulo kopukusira kali m'mbali. Nambala imeneyi ndiyo ogulitsa amatchula akati wotchi ndi ya mamilimita akutiakuti. Mkono wosafika masentimita 15 umakhala bwino ndi wotchi ya mamilimita 26 mpaka 32. Wa masentimita 15 mpaka 16 umafuna ya mamilimita 32 mpaka 36. Wa masentimita 17 kapena 18 ukhoza kulandira ya mamilimita 36 mpaka 40. Manambala awa ndi ongokutsogolerani, si lamulo la boma, koma amene awatsata salakwa kwambiri.

Muyeso wachiwiri ndi utali wa wotchi pamodzi ndi nyanga zake. Taonani tizitsulo tinayi totuluka m'thupi la wotchi, tiwiri kumtunda, tiwiri kumunsi, timene timagwira lamba. Ife titi nyanga. Yezani kuchokera pa nsonga ya nyanga ya kumtunda kufika pa nsonga ya nyanga ya kumunsi. Apa ndipo pagona lamulo lalikulu la nkhani yathu: utali umenewu usapose kutambalala kwa mkono kumene munayeza ndi rula, ndipo ndi bwino utachepera ndi mamilimita angapo. Nyanga zikapitirira mkono, zimalendewera m'malere, lamba amatsika chowongoka m'malo mokumbatira mkono, ndipo wotchi imagwedezeka ngati denga lokulira nyumba yake. Mawotchi awiri akhoza kukhala onse a mamilimita 36, koma ina ya nyanga zazifupi zopindikira pansi, ina ya nyanga zazitali zowongoka. Yoyambayo idzakhala bwino pa mkono waung'ono, yachiwiriyo ayi. Chenjeraninso ndi mawotchi a ngodya zinayi, monga Tank imene Cartier anakonza m'chaka cha 1917, kapena Reverso ya m'chaka cha 1931. Ambiri a mtundu umenewu amakomera mikono yowonda, koma muwayeze m'litali, pakuti nambala ya m'mimba mwake imaoneka yochepa ndipo ikhoza kukunamizani.

Muyeso wachitatu ndi kuchindikala. Iyang'aneni wotchi cham'mbali, muone kukwera kwake kuchokera pa khungu kufika pamwamba pa galasi. Wotchi ya ulemu iyenera kulowa yokha pansi pa dzanja la malaya popanda kukodwa, ndipo kawirikawiri siiposa mamilimita 10. Pa mkono wowonda, wotchi yochindikala imaoneka ngati chulu pakati pa bwalo, imalemera mbali imodzi, ndipo ndiyo imayamba kugunda zitseko.

Muyeso wachinayi ndi lamba. M'lifupi mwake akhale pafupifupi theka la kutambalala kwa wotchi: wotchi ya mamilimita 32, lamba wa mamilimita 16. Lamba amene amanka nachepa polowera ku kachitsulo komangira amaoneka bwino pa mkono waung'ono. Mukamanga, nsonga ya chala chaching'ono ilowe pakati pa lamba ndi khungu, koma wotchi isatembenuke mukagwedeza dzanja. Malamba ambiri amadulidwa poganizira mikono yaikulu, motero funsani wogulitsa ngati ali ndi waufupi. Lamba wachikopa akatalika pang'ono, wosoka nsapato wa pamsika akhoza kubowola bowo lina. Wachitsulo amafupikitsidwa pochotsa timfundo tingapo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya wokonza mawotchi. Timfundo totsalato musataye. Chikopa nchopepuka ndiponso chaulemu, koma chimaonongeka ndi thukuta ndi madzi, motero chimafuna kusinthidwa pakapita nthawi. Chitsulo chimakhalitsa, koma chimalemera.

Pa miyeso inayi imeneyi ndiwonjezepo chenjezo limodzi. Musachepetse wotchi mpaka mwini wake alephere kuwerenga nthawi. Amayi a ku Mwase Lundazi aja amavala magalasi a maso powerenga. Kawotchi kochepetsetsa, ka mivi yonga tsitsi, kakanakhala chibangili chabe kwa iwo. Nkhope ya wotchi ikhale yoyera bwino, yopanda zolembalemba, ndipo mivi yake isiyane mtundu ndi nkhopeyo. Wotchi ya ulemu imanena chinthu chimodzi, nthawi, ndipo imachinena momveka.

Za m'kati ndi za kunja

Titatha miyeso, aphunzitsi aja anafunsa za makina. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Pali mawotchi oyenda ndi sipuling'i, imene mwini wake amaikunga popukusa kachitsulo ka m'mbali, kapena imakungika yokha ndi kugwedezeka kwa mkono. Amenewa safuna batire, ndipo akasamalidwa amafika kwa adzukulu. Koma ngakhale abwino kwambiri amatsala kapena kutsogola ndi masekondi angapo pa tsiku, ndipo pakapita zaka zingapo amafuna mmisiri woti awatsuke ndi kuthira mafuta. Pali ena oyenda ndi batire ndi kamwala kotchedwa quartz. Yoyamba ya pamkono ya mtundu umenewu inagulitsidwa ndi kampani ya Seiko ya ku Japan pa 25 Disembala 1969. M'mawotchi a masiku ano kamwala kameneka kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo wotchi yotere imalakwa ndi masekondi ochepa pa mwezi wathunthu. Batire lake limatha zaka ziwiri kapena zitatu. Popeza makina ake ndi ochepa, wotchi ya batire imatha kukhala yopyapyala pa mtengo wofikirika. Kwa munthu wokhala kutali ndi amisiri a mawotchi, funso loyenera ndi lakuti: ikadzaima, adzaikonza ndani, ndipo kuti?

Za kunja nazo zili ndi msampha wake. Golide weniweni wa pa wotchi amadindidwa chizindikiro. Mukaona nambala 750, ndiye kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, magawo 750 ndi golide. Mawotchi ambiri onyezimira ndi ongokutidwa golide wopyapyala pamwamba, ndipo m'kupita kwa nthawi amasupuka. Chitsulo chosachita dzimbiri sichidzitama, koma sichisintha mtundu. Pa za madzi, wotchi yolembedwa kuti 30 m imapirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja basi. Pochapa zovala, potunga madzi pa chitsime ndi posamba m'thupi, ivuleni.

Tinene zoona zake za mtengo. Mawotchi a mayina amene ndatchula aja, monga Patek Philippe, amagulidwa ndi ndalama zoposa malipiro a mphunzitsi a zaka zingapo. Sindinawatchule kuti mukagule ayi, koma kuti muphunzireko miyeso yake. Tsono munthu akakuonetsani wotchi ya dzina lotere pa mtengo wa mbuzi imodzi, dziwani kuti ndi yonyenga, ngakhale itadindidwa nambala zonse zimene ndanenazi, pakuti wonyenga amadinda chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wotchi yoona ya dzina lodzichepetsa imaposa yabodza ya dzina la mafumu. Gulani m'sitolo yodziwika, landirani risiti ndi chikalata chotsimikiza kuti ikaonongeka msanga adzaikonza, ndipo funsani musanalipire ngati adzalola kusintha lamba.

Zimene anachita ku Mwase Lundazi

Panatsala vuto limodzi. Akanayeza bwanji mkono wa Amayi aja popanda kuulula chinsinsi? Mphunzitsi wa masamu ndiye anapeza nzeru. Anakonza phunziro la miyeso, longa limene mwachita lero, nauza ana kuti ayeze mikono ya anthu onse a pa sukulu, kuyambira mwana wa Giledi 1 mpaka aphunzitsi. Ana awiri anagogoda pa ofesi, nagwada mwaulemu, napempha kuti Amayi awathandize pa masamu awo. Amayiwo anatambasula mkono mokondwa, nawakumbutsanso anawo kuti powerenga rula ayambire pa 0, osati pa 1. Kuzungulira kunapezeka masentimita 14 ndi theka, kutambalala mamilimita 44.

Mphunzitsi amene anatumidwa ku Lusaka ananyamula kapepala ka manambala awiriwa ndi rula m'thumba. M'sitolo anamuonetsa mawotchi aakulu onyezimira, koma iye anayeza iliyonse, mpaka anapeza ya chitsulo chosachita dzimbiri, yotambalala mamilimita 30, yotalika mamilimita 36 pamodzi ndi nyanga, yochindikala mamilimita 7, ya nkhope yoyera ndi mivi yakuda, ya batire, ya lamba wachikopa waufupi. Ndalama zina zinatsalako, ndipo anagulira lamba wachiwiri. Aphunzitsi aja anandilembera kalata kuti pa tsiku lotsazikana wotchi inalowa pa bowo lapakati la lamba, ngati kuti inabadwira pa mkonowo, ndipo Amayi ataivala anaiyang'ana, nauza wapampando kuti mwambo wachedwa ndi mphindi khumi.

Ana inu, wotchi siiyezedwa ndi maso a anthu a pamsewu, kapena ndi kukula kwa dzina lolembedwa pa nkhope yake. Imayezedwa ndi mkono umene udzainyamule, maso amene adzaiwerenge, ndi thumba limene lidzailipire. Amene anapulumutsa ndalama za makolo a ku Mwase Lundazi si katswiri wa ku Geneva, koma ana awiri, ulusi ndi rula. Masamu amene mukuphunzira lero ndi omwewo. Tsalani bwino, ana inu. Tsalani bwino, aphunzitsi. Tidzakumananso sabata yamawa, nthawi yomwe ino.

Zochita nkhani itatha

1. Mwana aliyense alembe m'kope kuzungulira kwa mkono wake m'masentimita, kenaka asandutse nambalayo kukhala mamilimita.

2. Gulu lililonse lijambule ndi kampasi zozungulira zinayi, zotambalala mamilimita 28, 32, 36 ndi 40. Kumbukirani kutsegula kampasi theka la nambala iliyonse. Dulani mapepalawo, muwaike pa mkono wa aphunzitsi, munene amene akukhala bwino ndi chifukwa chake.

3. Wotchi ina ndi yotambalala mamilimita 36. Kodi lamba woyenera akhale wa mamilimita angati m'lifupi?

4. Mkono wa munthu wina ndi wotambalala mamilimita 46. Pali mawotchi awiri: ina ndi yotalika mamilimita 42 pamodzi ndi nyanga, ina mamilimita 49. Asankhe iti?

5. Wotchi ina imatsala ndi masekondi 5 tsiku lililonse. Idzakhala itatsala ndi mphindi zingati pakapita masiku 60?

6. Funsani agogo kapena munthu wina wachikulire wa m'mudzi mwanu mayina a nthawi za tsiku, kuyambira tambala woyamba mpaka pakati pa usiku. Alembeni mwandondomeko, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe ola limene wotchi imaonetsa pa nthawiyo.